Ndalama za banki mkhonde zikachuluka m'bokosi, tizisunge kuti?

Nangozo (Tsangano):
Zikomo nonse a pagulu lino. Ine ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi 24 kuno ku Tsangano, ndipo ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Timagula masheya Lachinayi lililonse kuyambira mu Januwale, ndipo m'miyezi yoyambirira bokosi limakhala lopepuka chifukwa ndalama ikangolowa, tsiku lomwelo wina amaikongola. Vuto limayamba mu Okutobala, pamene timaleka kukongozana kuti aliyense abweze zimene anatenga tisanagawane mu Disembala. Kuyambira pamenepo ndalama za chaka chonse zimagona kunsi kwa bedi langa, ndipo chaka chino tikuona kuti zipitirira K7 miliyoni chifukwa mbatatesi inachita bwino. Bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi ali kwa amayi atatu osiyana, koma wakuba safunsa kiyi, amanyamula bokosi lonse n'kukaliphwanyira kuthengo. Galu akangouwa usiku ine ndimadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. Amayi ena akuti tikatsegule akaunti kubanki ku Ntcheu, ena akuti tiziike pafoni, ena akuti tisiye mmene zilili poti sitinaberedwepo. Amene mukuzidziwa bwino zinthuzi tithandizeni maganizo tisanakumane sabata yamawa.

Bambo Ndau (Ntcheu boma):
Mayi Nangozo, mwachita bwino kufunsa zisanachitike. Ine ndinagwira ntchito kubanki zaka zambiri ndisanapume, ndipo langizo langa ndi lakuti mutsegule akaunti ya gulu. Zimene amafuna si zambiri: malamulo a gulu lanu olembedwa, mfundo za msonkhano umene munagwirizana zotsegula akauntiyo, kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa amfumu kapena kwa alangizi a zachitukuko, ndiponso anthu atatu osayinira amene ali ndi ziphaso za unzika. Potapa ndalama pamafunika awiri mwa atatuwo, choncho nzeru ya maloko atatu ija ipitirira ndithu, kungoti bokosilo likhala m'manja mwa banki. Kale chimene chinkabweza anthu akumudzi pakhomo pa banki chinali chiphaso, chifukwa tinkafunsa pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto, zinthu zimene mlimi wa ku Tsangano analibe chifukwa chokhalira nazo. Kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, anachotsa chopinga chimenecho. Ndiwonjezere kuti kuyambira mu 2023 kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene banki ikagwa limabwezera osunga ndalama zawo mpaka pa mlingo umene unaikidwa.

Nachisale (Lizulu):
A Ndau, zaka zanu za kubanki ndikuzilemekeza, koma mwayankha ngati munthu amene banki ili kuseri kwa nyumba yake. Kuti amayi awiri achoke ku Tsangano, afike pamsewu wa M1, akwere ya ku Ntcheu, aime pamzere, abwerere, ndiye kuti tsiku lonse latha ndipo gulu lalipira thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera. Ulendo umenewo sangauyende sabata iliyonse, komanso pa ulendowo ndi pamene ndalama imakhala pangozi kwambiri kuposa pamene ili kunsi kwa bedi, chifukwa mudzi wonse umadziwa kuti msungichuma wavala chitenje chatsopano m'mawa akupita kuti. Ine ndinatsegulapo akaunti kubanki ina, ndinasiyamo ndalama yochepa yoti idzandithandize pa fizi ya mwana, ndipo nditapitako patatha miyezi isanu ndi itatu ndinauzidwa kuti akauntiyo inagona, ndalamayo yachepa chifukwa ankadula mwezi ndi mwezi. Palibe amene anandifotokozera zimenezo tsiku lotsegula. Kuchokera pamenepo geni yanga yonse ya kabichi ndi tomato ndimayendetsera pafoni, ndipo ogula ochokera ku Blantyre amanditumizira ndalama galimoto isananyamuke.

Bambo Ndau (Ntcheu boma):
Zimene zinakuchitikirani, Mayi Nachisale, zinachitikira ambiri, ndipo sindingakane kuti ife a pakauntala tinkafulumira kusayinitsa kuposa kufotokoza. Komabe si akaunti zonse zimene zimadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndi ufulu wanu kupempha kuti akuonetseni mndandanda wa zolipiritsa musanasayine. Ngati banki yakulakwirani ndipo dandaulo lanu silinamveke kumeneko, lamulo la Financial Services Act la mu 2010 linapatsa gavanala wa Reserve Bank udindo woyang'anira mabanki ndi mabungwe onse a zachuma, ndipo dandaulo lingathe kupita kumeneko. Za mtundawo, mabanki masiku ano ali ndi maajenti m'magolosale, monga Bank Pafupi ya NBS ndi Banki Pakhomo ya FDH, kumene munthu angathe kuika ndalama mu akaunti osafika paboma.

Mbewe (Lobi):
Ndiloleni ndilankhuleko monga ajenti wa ndalama za pafoni, chifukwa ndakhala m'kanyumba kanga ka malata pano pa Lobi zaka zinayi tsopano, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti kampani imatipatsa ndalama zoti tizipereka. Sizili choncho ayi. Mpamba wonse ndi wanga, ndipo umakhala m'magawo awiri: ndalama za mapepala zili m'kabati, ndi ndalama za mufoni zimene timazitcha fuloti. Munthu akabwera kudzatapa, ndimamupatsa za m'kabati ndipo fuloti yanga imakwera; akabwera kudzaika, za m'kabati zimachuluka koma fuloti imatsika. Kutauni zinthu ziwirizi zimasinthana tsiku lonse, koma kumudzi ndalama imayenda mbali imodzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi aliyense ndi wodzatapa zimene atumiza ana a ku Lilongwe ndi a ku Joni, moti pofika 10 koloko m'kabati mumakhala mbee. Nyengo yokolola zimatembenuka, aliyense amafuna kuika, ndipo fuloti imatha dzuwa lisanafike paliwombo. Zikatero ndimatseka, n'kukwera njinga yamoto kupita ku Dedza kukasinthitsa, ndipo amene wandipeza palibe amapita akunena kuti ajenti wa pa Lobi ndi waulesi. Choncho Mayi Nangozo, mukabwera kwa munthu ngati ine ndi K7 miliyoni tsiku limodzi, kaya kudzaika kaya kudzatapa, ndikuuzani kuti sindingathe. Mukamabwera ndi zimene zabwezedwa sabata imeneyo, ndipo mwandiuziratu dzulo lake, ndingathe.

Nangozo (Tsangano):
Zikomo a Mbewe, zimenezo sindinkazidziwa, ndipo ndakhala ndikumunyoza ajenti wa pamsika wathu, mwana wa eni ake, kuti amabisa ndalama dala. Tsono ndikaziika pafoni yanga, zikhala bwino?

Mbewe (Lobi):
Pafoni yanu ayi, mayi. Kuyambira pamene a MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, analamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, nambala ndi ya munthu amene chiphaso chake chinalembedwa, ndiye ndalama za amayi 24 zikhala m'dzina lanu nokha ndi nambala yachinsinsi imodzi. Mutadwala mwakayakaya kapena kutisiya, amayi anzanuwo adzavutika kutsimikizira kuti ndalamazo ndi zawo, ndipo abale anu angathe kuziwerengera pa chuma chamasiye. Komanso akaunti ya pafoni ya munthu wamba ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge. Chachitatu ndi akathyali aja oimba foni n'kumanena kuti ndi a kukampani, kapena otumiza uthenga wabodza wakuti akutumizirani ndalama molakwitsa ndiye muwabwezere. Pakanyumba panga pafika amayi ambiri akulira chifukwa cha zimenezi, ena aphunzitsi enieni, osati osaphunzira okha. Foni muigwiritse ntchito ngati njira yodutsira, kuti ndalama ichoke kwa ajenti ipite ku akaunti ya gulu ya kubanki, koma isagone pa nambala yanu.

Gogo Maseko (Nsipe):
Ana anga, ine foni iyi akundilembera ndi mdzukulu, koma mawuwa ndi anga. Musamaganize kuti anthu akumudzi amathawa banki chifukwa cha umbuli. Ife tinali ndi mabuku a ku positi ofesi, munthu unkapita ndi kabuku kako, kalaliki n'kulemba ndi dzanja n'kudinda, ndipo unkabwerera ukuona ndi maso ako kuti uli ndi zingati. Banki ya positi ija ndiyo inadzakhala Malawi Savings Bank, imene boma linagulitsa kwa a FDH mu 2015. Inabweranso banki ya Opportunity, imene inkayenda ndi galimoto m'misika ndipo inkazindikira munthu ndi chala m'malo mwa siginecha, ndiyeno mu 2017 inagulidwa ndi First Merchant Bank. Sindikunena kuti ndalama za anthu zinatayika, koma kwa munthu wokalamba dzina likasintha pakhomo, mtima umakhala m'mwamba. Za ngongole ndiye musanene. Tinali m'makalabu a alimi, tinkatenga feteleza pangongole kudzera kwa alangizi, ndipo wolephera kubweza ankamulanda mbuzi ngakhale chitseko; dongosolo limenelo linagwa chilala cha 1992 chitadutsa, ndale za matipate zitalowapo, anthu ataleka kubweza. Amene anaona zimenezo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amayi amene akuti bokosi likhale, amvereni bwino musanawatsutse.

Aphunzitsi Gama (Bembeke):
Agogo anena zoona, ndipo ine ndikufuna kuwonjezera wakuba wina amene palibe loko lingamuletse, kaya ndalama ili m'bokosi, pafoni kapena kubanki. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Taonani mwezi wa Novembalawo: ndi nthawi yeniyeni imene magulu ambiri amakhala ataunjika ndalama kudikira kugawana mu Disembala. Amene anali ndi ndalama yokwana matumba anayi a feteleza kumayambiriro a mwezi umenewo anadzapeza kuti siikukwananso, pamene ndalamayo palibe anaikhudza. Chiwongoladzanja chimene banki imapereka pa akaunti yosungira sichifika pa mmene mitengo ya zinthu yakhala ikukwerera zaka zimenezi. Ndiye funso langa kwa Mayi Nangozo ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mumagawana mu Disembala? Mukanagawana mu Seputembala kapena kumayambiriro a Okutobala, amayi akanagula feteleza ndi mbewu mitengo isanakwere, ndipo miyezi yogona ndi mantha ikanafika msanga n'kutha msanga.

Nangozo (Tsangano):
Aphunzitsi, funso lanu landigwira. Disembala tinangoitengera kwa amene anatiphunzitsa poyamba, ndipo amayi anaikonda chifukwa cha Khirisimasi ndi zovala za ana. Koma kunena zoona, chaka chilichonse timagula feteleza mochedwa ndiponso modula.

Nankhoma (Golomoti):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali chinthu chimene abambo nonse simunachitchule, ndipo mwina simungachione. Mayi Nangozo, tawerengani kuti mwa amayi 24 aja ndi angati ali ndi foni yawoyawo. M'gulu lathu kuno kuchigwa ambiri amati ali ndi foni, koma ukafufuza umapeza kuti foniyo imayenda m'thumba la bambo, nambala inalembetsedwa ndi chiphaso cha bambo, ndipo nambala yachinsinsi amaidziwa ndi bambo. Tinayesapo chaka china kutumizira aliyense gawo lake pafoni poopa kuyenda ndi ndalama. Mayi wina uthenga unafika mwamuna wake ali kumowa, ndipo mmene ankafika kunyumba mawa lake, theka la thukuta la chaka chonse linali litapita. Mayiyo sanadandaule pagulu, anangosiya kugula masheya ambiri chaka chotsatira, ndipo tinazindikira mochedwa chifukwa chake. Banki mkhonde amayi amaikonda osati chifukwa cha phindu lokha, komanso chifukwa ndi malo okhawo amene ndalama ya mayi imakhala pamene dzanja la wina aliyense wa pakhomo silifika, ndipo mlamu akabwera kudzapempha umayankha moona kuti ndalama ili kugulu, makiyi ali ndi ena. Palinso amayi amene sawerenga, amene amapereka foni kwa ajenti kapena kwa mwana wa sukulu kuti awasindikizire, ndipo nambala yachinsinsi amaitchula mokweza anthu ali pamzere. Amene amawerengera chitukuko potengera kuchuluka kwa maakaunti amene atsegulidwa angathe kumuwerenga mayi ameneyu kuti wafikiridwa, pamene ndalama yake ili pambalambanda kuposa kale.

Bambo Ndau (Ntcheu boma):
Mayi Nankhoma, mawu anu andichititsa manyazi pang'ono, chifukwa ndikukumbukira amayi amene ankabwera kudzatsegula akaunti mwamuna ataima kumbuyo kwawo, ndipo kadi tikapereka inkalowa m'thumba la jekete la bamboyo ife tikuona. Tinkalemba kuti tapeza kasitomala watsopano wamkazi. Apa ndiye ndikuona ubwino wina wa akaunti ya gulu umene sindinauganizire, wakuti uthenga wake sufika pafoni ya mwamuna wa membala aliyense.

Nachisale (Lizulu):
Popeza tafika pamenepa, ndifunse za mbali inayo, chifukwa kusunga ndi theka chabe la nkhani. Alimi a mbatatesi amene ndimagula kwa iwo, a mbali ino ndi a tsidya la Mozambique omwe, vuto lawo lalikulu ndi ndalama ya pakati pa nyengo, pamene mbewu ili m'munda ndipo ikufuna feteleza wachiwiri ndi mankhwala opopera. Banki mkhonde panthawiyo imakhala yoperewera chifukwa onse akufuna kukongola nthawi imodzi. Amathera kwa akatapila, kapena amagulitsa munda wonse mbatatesi isanakhwime kwa venda amene amatchula mtengo wake yekha. Kodi gulu likakhala ndi akaunti, banki ingalikongoze?

Bambo Ndau (Ntcheu boma):
Ingathe, koma ndisakunamizeni kuti n'zapafupi. Banki imafuna chikole, ndipo munda wa makolo umene ulibe mapepala siiwulandira, ngakhale ukhale wachonde chotani. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yolembetsera minda yotere, koma alimi ambiri sanafike polembetsa. Chachiwiri, ngongole zambiri za kubanki zinapangidwira munthu wa pamwezi, wobweza pang'onopang'ono mwezi uliwonse, pamene mlimi wa mbatatesi amakhala wopanda kanthu miyezi itatu kapena inayi n'kudzapeza zonse sabata imodzi. Chachitatu ndi mtengo wa ngongoleyo: mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amakongoza pamwamba pa pamenepo. Chimene akaunti ingachitire gulu ndi kulipatsa mbiri yolembedwa, yoonetsa kuti chaka ndi chaka limasonkhanitsa zakutizakuti, ndipo mbiri imeneyo ndi imene woyang'anira ngongole amayamba kuiona.

Aphunzitsi Gama (Bembeke):
Pamenepa pali chodabwitsa chimene ndimakonda kufunsa anzanga. Magulu ambiri amene ndikuwadziwa amakongozana pa 20 peresenti pamwezi, kutanthauza kuti wotenga K100,000 amabweza K120,000 pakatha mwezi umodzi, chiwongoladzanja chimene ndi chokwera kutalitali kuposa cha banki iliyonse, koma palibe amadandaula. Chifukwa chake n'chakuti K20,000 ija imabwerera m'bokosi ndipo wokongolayo adzalandirako gawo pogawana, komanso ndalama amaipeza tsiku lomwelo popanda fomu. Kuipa kwake ndimakuona pamene gulu likakamiza aliyense kukongola kuti phindu lichuluke, mayi n'kutenga ndalama alibe geni, mapeto ake kukatenga ku gulu lina kuti abweze kuno, mpaka ziwiya za m'nyumba kulandidwa. Njira yapakati imene ine ndinaiona ikuthandiza ndi SACCO, kopaletivi yosunga ndi kukongoza ndalama. Aphunzitsi ambiri tili m'menemo, eni ake ndi mamembala omwewo, ngongole imayenderana ndi masheya ako, ndipo ma SACCO ali ndi likulu lawo la MUSCCO limene lakhalapo kuyambira 1980, komanso amayang'aniridwa ndi Reserve Bank pansi pa lamulo la mu 2011. Magulu a COMSIP nawonso anayamba ngati timagulu tosunga ndalama n'kukula kukhala makopaletivi. Gulu la amayi 24 palokha ndi laling'ono, koma magulu khumi a dera limodzi atagwirizana angamveke mawu.

Mbewe (Lobi):
Aphunzitsi, zimenezo n'zabwino koma n'za mtsogolo, pamene Mayi Nangozo akufuna yankho la Lachinayi likubwerali. Ine ndikanati achite motere. Atsegule akaunti ya gulu kubanki imene ili ndi ajenti pamsika wapafupi ndi iwo, ndipo asanasankhe apite okha kukafunsa ajentiyo ngati makina ake amagwira netiweki nthawi zonse, chifukwa kumapiri kwathu kuno chikwangwani chimatha kukhalapo makina atafa kalekale. Kuyambira Okutobala, zobwezedwa za sabata iliyonse zizikaikidwa tsiku lomwelo, lisiti lizimatidwa m'buku la mlembi ndipo liziwerengedwa mokweza pamsonkhano wotsatira, kuti amayi amene amakhulupirira zoona ndi maso asaone ngati ndalama yasowa. Chovuta chidzatsala pa tsiku logawana, chifukwa ndalama yonseyo idzafunika kukatengedwa paboma.

Nankhoma (Golomoti):
Tsiku limenelo lisalengezedwe, a Mbewe. Ife timauza mamembala kuti kugawana kudzachitika sabata yakutiyakuti, koma tsiku lenileni amalidziwa ndi akomiti okha, ndipo ndalama ikafika masana imagawidwa masana omwewo, siigona. Amene ali ndi foni yakeyake ndipo wapempha yekha, atumizireni pafoni. Amene sanapemphe musamufunse chifukwa chake pagulu.

Nangozo (Tsangano):
Ndakhala pansi ndi buku la mayina n'kuwerenga monga munanenera, Mayi Nankhoma. Mwa amayi 24, amene ndikutsimikiza kuti foni ndi yawo ndipo inalembetsedwa m'dzina lawo ndi 9 okha, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi oposa theka. Ndiye za kutumizira aliyense pafoni ndazichotsa. Lachinayi ndikapereka mfundo ziwiri: yotsegula akaunti ya gulu yoti tiziikamo kuyambira Okutobala, ndi yosuntha kugawana kwa chaka chamawa kuti kudzachitike feteleza asanakwere, ngakhale ndikudziwa kuti amayi a Khirisimasi akandiwukira. Bokosi silichoka, lizisunga thumba la zadzidzidzi, chifukwa maliro ndi matenda sadikira kuti ajenti atsegule. Ndatsala ndi funso limodzi kwa a Ndau. Mmodzi mwa amayi atatu osunga makiyi, amene gulu lonse limamukhulupirira kuposa ine ndemwe, sadziwa kulemba dzina lake. Kodi angathe kukhala wosayinira?

Bambo Ndau (Ntcheu boma):
M'masiku anga tinkalandira chidindo cha chala pamaso pa mboni, koma musananyamuke atatu mukafunse kaye ku nthambi imene mwasankhayo kuti musawononge thiransipoti. Muonenso tsiku lothera ntchito limene linalembedwa pa ziphaso za onse atatu, ndipo mutenge buku la gulu lenilenilo, osati mapepala okopera.